Fani ya M'chipinda cha Mapulani

Kompyuta ya Mapulani inafa Lachinayi m'mawa, mwini wake atagona kale m'manda chaka ndi miyezi. Magetsi anali atazima mbandakucha, ndipo pobwera anabwera ndi ukali, mababu kuwala ngati aphulika. Mzime, mlongo wake wa Mapulani, anali pagalasi akumanga mpango kuti azipita kuntchito. Anangomva kuti phu! m'chipinda cha malemu, kenaka kafungo ka pulasitiki wopsa, kenaka zii.

Bata limenelo ndi limene linamuumitsa thupi.

Wina akanalira kompyuta. Mzime analibe nayo ntchito. Iye ntchito yake inali yochapa ndi kusita nsalu za pabedi kuhotela, ndipo zojambula mapulani a nyumba zimene achimwene ake ankachita pamakinawo, mpaka anthu kuwapatsa dzina limenelo, sankazitolera n'komwe. Chimene iye ankafuna pa chibokosi chimenecho ndi phokoso lake basi.

Nkhani yake inali ya amayi. Amayi awo anayamba kuiwala Mapulani akadali moyo. Poyamba inali ketulo yosiyidwa pamoto, kenaka njira ya kumsika, kenaka masiku. Maliro a mwana wawo woyamba anawalira, dothi anaponya nawo ndi dzanja lawo, koma kutacha anadzuka n'kufunsa kuti kodi Mapulani sanadzukebe? Mzime anawauza. Analira ngati uthenga wangofika kumene, kudzigwetsa pansi, kudziguguda pachifuwa mpaka mawu kutha. Kutachanso anafunsanso. Abale inu, mayi angaike mwana mmodzi m'manda kangati?

Ndiye tsiku lina kunabwera bambo wina amene malemu anamujambulira nyumba, akufuna pulani yake. Mzime anamuyatsira kompyuta, bamboyo anatenga zake n'kumapita, ndipo Mzime anakoka chitseko osakumbuka kuzimitsa. Fani yoziziritsa ya kumbuyo kwa chibokosicho inali ikulira monga inkalirira zaka zonse: kung'ung'udza kwapansipansi, ndipo pamwamba pake kakuti kete-kete-kete, ngati munthu akugogoda tebulo ndi chikhadabo. Amayi, amene anali pampando akusisima, anatukula mutu. Anayenda mpaka pachitseko, anaika chikhatho pathabwa, nkhope yawo n'kumasuka.

"Wayamba ntchito," anatero monong'ona. "Usamusokoneze."

Mapulani ali moyo anali ndi lamulo limodzi m'nyumbamo: kompyuta ikamalira, chitseko chake chisatsegulidwe. Zambiri zinawathawa amayi m'mutu, koma lamulo limenelo linatsala. Kuyambira pamenepo Mzime ankayatsa makinawo m'mamawa n'kuwazimitsa amayi akagona. Amayi ankaika kapu ya tiyi pansi pa chitsekocho, Mzime n'kukamwa mobisa ataima kubafa, tiyi wozizira wa shuga wambirimbiri monga ankamukondera achimwene ake. Magetsi akazima sipankakhala vuto, chifukwa amayi ankadziwa okha kuti zikatero Mapulani amanyamula chikwama n'kukagwirira ntchito kwa mnzake. Linali bodza, inde, ndipo Mzime sankachita nalo manyazi pamaso pa Mulungu. Pamaso pa anthu pokha ndi pamene sankalitchula.

Lachinayi limenelo anadina batani mpaka chala kuwawa. Palibe chinachitika. Potuluka anapeza amayi ataima kale pakolido, mutu atapendeketsa.

"Lero wachedwa bwanji mnzakoyu?"

Mzime anawalambalala. Anathamangira kukhitchini, anakwera pampando, n'kutsitsa swichi yaikulu ya nyumba yonse. Firiji inanjenjemera n'kukhala chete.

"Magetsi azimanso, amayi. Achimwene apita kwa anzawo aja."

"Anthu a magetsiwa alibe chisoni," anatero amayi, n'kubwerera pampando pawo.

Nyumba inakhala mumdima wodzipangira. Madzi a m'firiji anayenderera pansi, Mzime n'kumakolopa mosalankhula. Aneba a khomo loyandikana, mayi wosoka zovala amene ankasuzumira amayi Mzime akakhala kuntchito, ndi okhawo ankadziwa chinsinsichi, ndipo anavomera kutsitsa wailesi yawo. Koma simungatsitse mawailesi a msewu wonse. Lachisanu madzulo mababu anayaka m'nyumba zonse, amayi ali pazenera.

"Nanga anzathuwa magetsi awatenga kuti?"

"Ndi mawaya athu okha avuta, amayi."

"Ndiye Mapulani akudya kuti masiku onsewa? Mwana wanga sagona kwa eni ake."

Aneba ndiwo anabwera ndi nzeru ya foni. Anati masiku ano m'foni mumapezeka chilichonse, ngakhale phokoso la fani. Analipezadi. Mzime anaika foni patebulo la malemu, anakweza mawu, anatseka chitseko, n'kukakweza swichi. Amayi anabwera msangamsanga, akupukuta manja m'chovala. Anamvetsera. Anaika chikhatho pathabwa, ndipo thabwa silinawauze kanthu, chifukwa foni siigwedeza tebulo, tebulo n'kugwedeza khoma.

"Uwu ndi udzudzu," anatero. Ndipo anatsegula.

Anaona bedi lopanda nsalu, matiresi ali mbee. Anaona nsapato zazikulu zija zitandandalikidwa pansi pa zenera, zopukutidwa bwinobwino, zoti palibe phazi linalowamo chaka chino. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana Mzime.

"Tinamuika, eti?"

Zimene zinatsatira sindifuna kuzifotokoza. Aneba anathawira kwawo atatseka makutu. Mzime anawagwira amayi ake pansi pakolido, akuwasisita msana, iye maso ali gwa, chifukwa misozi ya maliro amenewa inamuthera kalekale. Chimene chinatsala mwa iye ndi mantha, podziwa kuti kukacha amayi adzakhala ataiwala, ndipo adzafunsanso.

Loweruka m'mamawa anatsitsanso swichi, anapereka amayi kwa aneba kuti azikawathandiza kusankha mabatani, iye n'kukoka chibokosi pansi pa tebulo kuti apite nacho kwa okonza. Atachitulutsa poyera anagwira pakamwa. Fumbi lake! Tsono Mzime ndi ukhondo, musamuyambe. Ndi munthu woti amasita ngakhale nsanza yokolopera. Kuti anyamule chinthu chakuda chonchi kupita nacho pamaso pa munthu wachilendo, aziti kunyumba kumeneko kulibe mkazi? Ayi ndithu. Anamasula timabawuti ta m'mbali ndi nsonga ya mpeni, anachotsa chitsulo chotsekera, n'kupeza fumbi litaundana ngati bulangeti. Anatenga mswachi wakale. Mawaya anali lendelende paliponse, ndipo wina wachikasu anatsamira pafani ya kumbuyo ija, akumutchinga. Anamukankhira kumbali. Anapukuta mapiko a faniyo limodzilimodzi, mwaulemu, n'kudonthezera pakati pake kadontho ka mafuta a makina osokera. Atamaliza, chinali chinthu choti munthu n'kuonetsa anthu. Anachikulunga m'nsalu za pabedi, anachiika m'chikwama chachikulu cha zochapa, n'kutuluka ngati akupita kuntchito.

Okonza makompyuta ankakhala pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, moyang'anana ndi pokwerera maminibasi. Kumanja kwawo kunali ogulitsa masipika, amene ankayesa katundu wawo tsiku lonse, ndipo kumanzere kunali owotcherera zitsulo. Anthu ankangowatchula kuti a Mawaya. Anali bambo wathupi, wa zala zowonda modabwitsa, magalasi atawamangirira chingwe m'khosi. Anasuzumira m'chibokosimo, ananunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Achemwali, ichi chapsa. Bolodi lolumikizapo zonse ili lapsa, kabokosi kogawa magetsi aka kapsanso. Chatsala ndi chigoba ndi mafani awiriwa, wa kutsogolo ndi wa kumbuyo."

"Chingayakenso?"

"Chilichonse chimayaka mukachiikira matumbo ena. Ndili nalo bolodi logwirapo ntchito koma labwino. Mukhale pabenchipo, tichimange chatsopano m'chigoba chomwechi. Mafani okhawa ndiwataye."

"Ayi! Ya kumbuyoyo musaichotse."

A Mawaya anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iyi? Iyi ndi nkhalamba, achemwali, inapangidwa ine ndisanakwatire. Ndili nazo zatsopano apa, zoyaka timagetsi tamitundumitundu, zopanda phokoso ngakhale pang'ono. Khanda likhoza kugona pambali pake."

"Ndikufuna yomweyo."

"Anakupatsani ndani, achibwenzi?"

"Ndi ya achimwene anga. Anatisiya."

Nthabwala zinathera pomwepo. "Pepani," anatero a Mawaya. "Ikhala."

Apa Mzime akanangonena! Mawu anafika pakhosi ndithu. Koma pabenchi panali anthu, mtsikana wa foni yosweka galasi ndi bambo wina atafukata printa, onse makutu ali tcheru. Akanayamba bwanji kufotokoza kuti iye, munthu wamkulu ndi mpango wake kumutu, amanamiza mayi ake omubereka ndi phokoso la makina? Ndiponso sankaona chifukwa. Phokoso limakhala m'fani, fani ndi iyi yapulumuka, nanga china n'chiyani? Anakhala pansi pabenchipo.

A Mawaya anazula bolodi lopsa lija, anamasula kabokosi kogawa magetsi, n'kukatulutsa pamodzi ndi mtolo wake wa mawaya. Anaima pang'ono, akupotokola waya wachikasu uja pakati pa zala.

"Taonani apa. Wadyeka mpaka mkuwa kuonekera. Ameneyu ankakhula penapake zaka zambiri. Malemu anali munthu wotanganidwa, eti? Mawaya anangowasiya balalabalala."

"Anali choncho," anatero Mzime, maso ali pafani yake. Kabokosiko kanagwera m'katoni ya zitsulo zotha pansi pa tebulo, iye osakayang'ana n'komwe.

Bolodi lina ndi kabokosi katsopano kogawa magetsi zitalowa ndi kumangidwa, a Mawaya anamukodola. "Bwerani pafupi muone, kuti tsiku lina kapulagi kakadzazuka musadzandivutitse. Fani iliyonse ili ndi kamuvi m'mbali, aka mukukaona? Kamaloza kumene mpweya ukupita. Ya kutsogolo imakoka wozizira, ya kumbuyo imatulutsa wotentha. Mukazitembenuza zonse kuti zizikoka, ndiye kuti mwatsekera munthu m'khitchini mopanda zenera. Iyi yachitatu, yokhala pamwamba pa ubongo wa makinawa, ili ndi malo akeake pabolodi. Mukaiphonyetsa, kompyuta imakana kudzuka, imangodandaula." Analumikiza ziwirizo, n'kumupatsira kapulagi ka fani ya malemu. "Iyi lowetsani nokha. Ndi ya kwanu."

Mzime anawerama. Pabolodi panali timano tinayi tasiliva titaima mumzere, koma kapulagi kanali ndi mabowo atatu okha.

"Sikalowa. Mano achuluka."

"Kalowa. Kumbuyo kwake kuli kamzere, kameneko kakutsogolerani. Dzino limodzi lizikhala panja, silidandaula."

Anagwira kapulagiko ndi zala zake zokhakhala ndi mankhwala ochapira. Anakankha. Kanalowa kuti khethe, ndipo mtima wake unatsika pang'ono kwa nthawi yoyamba chiyambire Lachinayi.

Kenaka a Mawaya anachita chimene anatchukira nacho. Anasonkhanitsa mawaya onse, anawapesa ndi zala, anawadutsitsa m'mbali mwa chigoba, n'kuwamanga ndi tizingwe tapulasitiki mpaka m'katimo munakhala poyera ngati pabwalo losesa. Kunena zoona Mzime anasirira. Anaona kuti wapeza munthu wamtima ngati wake.

Anayatsa. Mafani onse atatu anazungulira. A Mawaya anang'amba kapepala kopyapyala n'kukaika kumbuyo, ndipo kanauluzika kuloza kunja. Mzime anagunditsa khutu pachitsulo. Anamva makondakitala akuitanira, anamva nyimbo zitatu za ogulitsa masipika zikulimbana, anamva makina odulira zitsulo akulira ngati nkhumba yogwidwa.

"Ikuyenda ngati kale?" anakuwa.

"Kuposa kale!" anakuwanso a Mawaya, n'kutseka chitsulo cha m'mbali.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, phewa litatupa ndi chingwe cha chikwama. Amayi anali akadali kwa aneba, mawu awo akumveka kuseri kwa khoma akuwerengera mabatani. Mzime anabwezera chibokosi pamalo pake penipeni, pamene miyendo yake inasiya zipsera pansi. Analumikiza zingwe, anakakweza swichi kukhitchini, anabwerera, anatseka chitseko, n'kudina batani.

Kagetsi kobiriwira kanayaka. Anadikira.

Anagwada n'kusuzumira kumbuyo. Fani inali ikuzungulira, yoyera, yosalala, kampweya kofunda kakumupuma pankhope. Koma phokoso lake linali ngati la munthu wogona bwino. Kung'ung'udza kunalibe, kete-kete kunalibe. Anakhala pansi n'kufufuza foni.

"A Mawaya, siikulira."

"Siikuyaka?"

"Ikuyaka. Koma siikuchita phokoso."

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye mwandiimbiranji, achemwali? Imeneyo ndiye ntchito yabwino! Anzanu amabwera kudzanditukwana chifukwa cha phokoso, inu mukudandaula bata?"

Pamenepo Mzime ananena zonse. Ananena monong'ona, atatembenukira kukhoma: za amayi, za tiyi wa pachitseko, za swichi, za dzulo pakolido. Atamaliza, m'foni munkangomveka maminibasi.

"Mayo ine," anatero a Mawaya. "Bwanji osanena muli pano?"

"Panali anthu."

"Chabwino. Musataye mtima. Bolodi limenelo ndi lochenjera, likaona kuti m'kati simukutentha limaichepetsa liwiro fani. Zimitsani kaye. Tsegulani m'mbali. Zulani kapulagi munalowetsa kaja, mugwire pulasitiki, osakoka waya. Mwazula? Yang'anani m'mphepete mwa bolodi chakumunsi, pali timano tina titatu tokhatokha. Timeneto sitidziwa kuchepetsa, timangopereka mphamvu yonse. Lowetsani pamenepo."

Mzime anapana foni ndi phewa, anafufuza ndi zala mumdima wa pansi pa tebulo, anatipeza. Khethe. Anatsamiritsa chitsulo n'kuyatsa.

Kung'ung'udza kunabwera! Kunakwera m'miyendo ya tebulo, kunalowa m'khoma. Anadzuka n'kuika chikhatho pachitseko, ndipo thabwa linali likunjenjemera pang'onopang'ono monga kale. Anatsala pang'ono kuwadalitsa a Mawaya ndi ana awo omwe. Koma khutu lake, limene linamva phokosoli m'mawa uliwonse, linakana. Kunali kung'ung'udza kosalala, kwa makina alionse, kwa firiji ya m'sitolo. Munalibe munthu m'menemo.

"Yayamba," anatero. "Koma kakuti kete-kete kaja palibe."

"Kete-kete?"

"Ngati chikhadabo patebulo. Kameneko ndiye amayi amati achimwene akulemba."

A Mawaya anapuma mozama, ndipo Mzime anadziwa asananene. Anamuona waya uja m'maso mwake, wachikasu, atatsamira pamapiko, ndi dzanja lake lomwe likumukankhira kumbali kuti mswachi udutse.

"Ndi waya uja," anatero bamboyo. "Ankakhudza mapiko."

"Muli naye? Ndibwere pompano?"

"A zitsulo zakale adutsa masana ano, katoni yonse anyamula. Ndiponso, achemwali, ngakhale akanakhalapo. Waya ameneyo anadyeka pang'onopang'ono, mapiko nawo n'kumadyeka, mpaka zinazolowerana. Inu mumayesa ndi fani, ine ndimayesa ndi kubalalika kwa mawaya basi, tonse tinachotsa." Kenaka anati, "Dulani kachingwe kamodzi, mumasule waya woonda, mumupindire pafupi. Mwina. Koma ndisakunamizeni. Ine moyo wanga wonse ntchito yanga ndi kuthetsa phokoso limenelo. Kulipanga sindinaphunzire."

Anadula kachingwe ndi lumo. Anasolola waya wakuda woonda pamtolo wokongola uja, anamupinda, n'kumusendeza kufani ikuzungulira. Prrrr! Fani inalira ngati nsalu ikung'ambika, iye n'kudzidzimuka. Anamubweza. Zii. Anasendezanso, pang'ono kwambiri, mpweya ataugwira, mpaka nsonga yokha ya pulasitiki inapsopsona mapiko.

Kete-kete-kete-kete.

Ndi kameneko. Ndi kameneko ndithu! Tsitsi linamuyimirira, moti anacheuka kuyang'ana pampando ngati apezapo msana wa achimwene ake. Anachotsa chala. Waya, poti ndi watsopano ndiponso wamakani, anadziwongola n'kubwerera kumene anachokera.

Anayesa selotepi. Anagwira kanthawi kochepa, kenaka mpweya wofunda unamufewetsa, waya n'kutsetsereka kulowa pakati pa mapiko, fani n'kuima njii ikubuula. Anayesa pegi yopanira zovala pachingwe, imene sinamukhumudwitsepo pantchito yake, koma pegi inkapana patali kwambiri kapena pafupi kwambiri, ndipo ikapana pabwino kunjenjemera kwa chigoba kunkaisuntha. Anayesa ulusi, anamanga mfundo zake zonse zimene ankazidziwa. Anayesa mphira wa tsitsi. Phiko lina linamucheka pachala, kadontho ka magazi n'kugwera pabolodi latsopano, iye n'kupukuta msanga ndi nsonga ya mpango. Malo amene waya ankayenera kukhala anali ochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, ndipo chimene chinkawapeza ndi kuwasunga chinali chala chokha, chala chamoyo, chomva kugunda kwa mapiko n'kumabweza kapena kusendeza. Ngakhale pamenepo, chitsulo cha m'mbali chikakhala chotsegula phokoso linkamveka lopanda thupi. Ankayenera kulowetsa mkono, n'kutsamiritsa chitsulocho pamkonopo ndi bondo.

Anali chomwecho, atagwada pansi pa tebulo, tsaya lili pamwendo wa mpando, pamene anamva chitseko cha panja chikutseguka.

"Pitani bwino, agogo," anamveka aneba. "Onani, magetsi anu ayaka."

Mapazi okwekwereza anabwera pakolido. Anaima. Mzime anatseka maso n'kusunga chala pamalo pake. Kete-kete-kete. Anamva chikhatho chikugunda thabwa mofewa, ndipo chinakhala pamenepo nthawi yaitali, yaitali kwambiri, moti mkono unayamba kuchita dzanzi kuchokera m'chigongono.

"Wabwera," anatero amayi.

Mapazi anapita kukhitchini. Madzi anathiridwa m'ketulo. Supuni inalira m'kapu, ndipo inalira nthawi yaitali chifukwa shuga anali wambiri. Mzime anafuna kupumitsa dzanja koma sanayerekeze, poti khitchini ndi chipindacho zinagawana khoma. Anaganiza za Lolemba, za milu ya nsalu imene idzakhale ikumudikira kuhotela, ndipo maganizowo sanamufikitse kulikonse. Anangowasiya.

Kapu inakhala pansi kunja kwa chitseko.

"Mapulani, tiyi ali pakhomopa. Usatuluke, gwira ntchito yako, bambo." Kunamveka kubuula kwa munthu wokalamba akutsikira pansi, kenaka msana unatsamira chitseko. "Ndikhala pompano pang'ono, ndizikumvera. Unapita nthawi yaitali iwe. Ndinalota zoipa, zoti sindingazinene n'komwe."

Kete-kete-kete-kete.

"Mzime!" anaitana amayi. "Mzime, bwera udzamve, mlongo wako wabwera! Mzimee!"

Pakamwa pa Mzime panatseguka pokha, chifukwa kuyambira ali mwana sanaitanidwepo ndi mawu amenewo osavomera. Anatsekanso. Mawu ake akanatuluka m'chipinda chimenechi, chitseko chikanatseguka. Akanadzuka kuti azungulire, chala chikanachoka.

"Waona?" anatero amayi motsitsa, ngati akuuza mnzawo chinsinsi. "Kulibe. Mwana ameneyu sakhala pakhomo. M'mawa amandisiya kwa anthu ngati katundu, madzulo sindimuona. Ndakhala mumdima masiku onsewa, iye osalabada. Sindikudziwa kuti ndinamulakwira chiyani. Pakanapanda iwe, mwana wanga, ine ndikanafera ndekha m'nyumba muno."

Misozi imene Mzime ankayesa kuti inatha inabwera, yotentha, n'kutsikira cham'mbali kulowa m'khutu, ndipo analibe dzanja loipukutira. Lamanzere linali litagwira pansi kuti asagwe. Lamanja sankalimvanso, linali ngati la munthu wina, ndipo chala chinayamba kunjenjemera chokha. Anadziwa kuti sichipirira. Anasendeza bondo pang'onopang'ono, anatsamira phewa pamwendo wa tebulo, n'kulowetsa dzanja lamanzere pansi pa lamanja kuti lilandire waya.

Posinthanapo, fani inapuma kamphindi.

"Mapulani?" anatero amayi, ndipo chogwirira cha chitseko chinagwedera.

Mzime anakankha waya.